Vernon Bodnar, Munthu wa Pambali pa Kamera

Vernon Bodnar anafa kokwana makumi atatu ndi kamodzi, ndipo imfa zonsezo anazifa bwino. Anawomberedwapo m'sitolo, anagwapo pa masitepe a hotela, anamwapo khofi wapoizoni, ndipo ulendo wina anangopezeka ali kwala m'bafa filimu isanathe n'komwe mphindi zitatu. Akapanda kufa ndiye kuti ndi woweruza milandu, kapena dokotala wobwera ndi uthenga woipa, kapena kalaliki uja wokuuzani kuti ofesi tatseka, mubwere Lolemba. Ntchito imeneyi anaigwira zaka zoposa makumi anayi ku Los Angeles, ndipo kunalibe nyumba yokhala ndi wailesi ya kanema imene nkhope yake sinalowemo. Koma dzina lake, aa! Mukanafunsa anthu zana pamsewu, mwina akanalidziwa mmodzi, ndipo mmodziyo akanakhala mkazi wake Arlene.

Kumuimitsa ankamuimitsa ndithu, m'sitolo, pomwetsera mafuta, ngakhale kumaliro. "Pepani bambo, kodi si inu munkaphunzitsa masamu ku sekondale yakwathu?" Wina ankalumbira kuti ndi amene anam'zula dzino. Mayi wina ku Pasadena anam'kalipira pagulu kuti anam'mangira mwamuna wake popanda mlandu, Vernon n'kuvula chipewa kupepesa. Arlene atam'funsa kuti wapepeseranji, iye anati, "Nanga ndidziwa bwanji, mwina ndinam'mangadi."

Nkhope yake sinali yoti mtsikana n'kuidula pa magazini kukamata kuchipinda. Chibwano chinali chachitali, makutu otambalala, maso aang'ono okhala ngati akukukayikirani, ndipo mphuno inapindikira kumanzere kuyambira tsiku limene chitsulo chinam'menya ku fakitale. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Vernon nyimbo yake anaidziwa, ndipo anaiimba mpaka imvi.

Anabadwira ku Youngstown, ku Ohio, m'chaka cha 1927, m'nyumba imene mawindo ake ankada ndi mwaye ngakhale muwapukute kawiri pa tsiku. Bambo ake ankasungunula zitsulo, amalume ake chimodzimodzi, ndipo iyenso atamaliza sukulu analowa momwemo. Zisudzo anaziyamba chifukwa cha mkazi, tisanamizane. Ku holo ya tchalitchi kunali gulu la zisudzo, ndipo m'gulumo munali Arlene, mtsikana wamfupi wapakamwa pakuthwa, amene ankasoka zovala za osewera. Vernon anapitako kuti azikanyamula mipando n'kumamuyang'ana. Tsiku lina wosewera gawo la wapolisi anadwala chimfine, yunifolomu n'kukwana Vernon yekha. Anangonena mawu asanu ndi awiri, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Arlene anam'peza kuseri akumasula lamba, n'kumuuza kuti, "Iwe, ku fakitale kuja ukungotayako nthawi." Anakwatirana chaka chomwecho.

Bambo ake sanaikonde nkhaniyi ngakhale pang'ono. "Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake kumadzola paudala kumaso!" Anangonena zimenezo n'kubwerera ku supu wawo wa kabichi. Komabe tsiku lonyamuka anawaperekeza ku siteshoni, n'kumupatsa Vernon jekete lawo labwino limodzi lija. Ku New York anakatsukako mbale zaka zinayi, akusewera m'tizipinda ta pansi pa nyumba momwe oonera ankachepa kuposa osewera. Mu 1955 iye ndi Arlene anakwera basi ya ku Los Angeles, ndipo anakhazikika m'kanyumba kokhala ndi mtengo wa mandimu ku Van Nuys.

Chimene chinam'panga Vernon kukhala Vernon chinachitika pa filimu yake yoyamba. Anali wogulitsa matikiti a sitima, mizere inayi yokha, akuyankhulana ndi katswiri wina wamkulu amene dzina lake sitilitchula, poti ana ake akadali moyo. Anthu awiri akamayankhulana m'filimu amawajambula mosinthana. Kamera imayamba yaloza mmodzi, mnzakeyo ataima pambali pake penipeni n'kumamuyankha osaoneka. Kenako amazula zonse, nyale, zingwe, kamera, n'kutembenukira kwa winayo. Anayamba ndi katswiriyo, monga mwa mwambo, Vernon ataima pambali pa kamera n'kupereka mizere yake ndi mtima wonse. Atatembenuza kuti tsopano ndi nthawi ya Vernon, bwana uja anali atapita kale kukadya ku kalavani yake. Ogwira ntchito anamata tepi yopingasa pa mtengo wa nyale kuti Vernon aziyang'ana pamenepo, ndipo mawu a katswiriyo ankawawerenga mayi wina wosunga mapepala, uku akutafuna chingamu.

Vernon anayankhula ndi tepiyo, nanga akanatani. Koma pobwerera kunyumba anatsika basi malo awiri asanafike, kuti mkwiyo uyambe waphwa. "Munthu sangayankhule ndi tepi," anamuuza Arlene. "Ine sindidzam'chitira munthu zimenezi mpaka kufa."

Ndipo sanam'chitiredi munthu. Anthu ambiri akaima pambali pa kamera amavula jekete, kuvala masilipasi, n'kumangotaya mawu ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula kumsika, poti akuti mphamvu akusungira nthawi yawo. Vernon ankaima ali m'zovala zonse, tayi ali pakhosi, nsapato zothina zili kuphazi, ndipo ankasewera ngati dziko lonse likumuona. Ku chipululu cha Arizona anaimapo maola atatu m'chikhoti chaubweya, kuyankha mnyamata wina wotchuka amene ankangoiwala mawu. Ulendo wina kamera inkajambula galu, galu weniweni wa miyendo inayi, ndipo Vernon anaima pomwepo kumukalipira monga linanenera sewero. Sal, wogwira kamera amene anagwira naye mafilimu oposa makumi awiri, anatulutsa mutu kuseri kwa chipangizo chake.

"Vern, galuyu sakudziwa kuti wavala nsapato. Kakhale pansi, mdala iwe."

"Akudziwa," anatero Vernon. "Taona mmene akundiyang'aniramo."

Galuyo anasewera bwino kwabasi tsiku limenelo, ndipo Sal nkhaniyi anaikamba zaka makumi awiri.

Anthu a ntchito yakuseri, onyamula nyale, okoka zingwe, odzola anthu kumaso, ankam'konda Vernon mosabisa. Mawu ake ankabwera atawaloweza kale, ankaponda pa chizindikiro chake osayang'ana pansi, ndipo ankadziwa dzina la aliyense mpaka la wophika khofi. Akam'patsa gawo la kalaliki wa mizere iwiri, ankafunsa kaye kuti kalalikiyo ali ndi ana angati, n'kukasankha yekha zoika m'thumba, kaya pensulo yotafunidwa, kaya tikiti yakale ya basi, zinthu zoti kamera sidzaziona mpaka kalekale. Ena ankati n'kudzivuta. Koma mukaonanso mafilimuwo lero, akatswiri aja akuoneka kuti akusewera, pamene kalaliki wa Vernon akuoneka kuti anali pa desikipo inu musanalowe ndipo akhalabe pomwepo mukatuluka.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachikamba. Mu 1961, Lachiwiri lina, mlongo wake anaimba foni kuti bambo adwalika ndipo akumufunsa. Vernon anali atangopeza masiku atatu a ntchito, kalaliki wa pa hotela m'sewero la pa wailesi ya kanema, kuyambira mawa lake. Anawauza bambo ake pafonipo kuti, "Ndibwera Lachisanu, bambo." Iwo anati, "Chabwino mwana wanga, gwira ntchito." Anamwalira Lachinayi. Patapita zaka, akusewera m'kaholo kena, Vernon anazindikira kuti akakumbukira mawu amenewo misozi imabwera yokha, yeniyeni, yochokera m'mimba. Anazindikiranso kuti chitsime chake n'chosaya. Akatungamo kamodzi, mwina kawiri, chimauma sabata yathunthu. Koma nanga ndani amauza kalaliki kuti alire? Chitsimecho chinangokhala chovundikira zaka zonsezo, ndipo wochidziwa anali Arlene yekha.

Mu 1995, Vernon ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, kunabwera envulopu yonenepa. Wotsogolera mafilimu wina dzina lake Hollis Mabry, amene anakula akumuona Vernon akufa pa kanema, ankamufuna iyeyo osati wina. Filimuyo inali ya mayi wobwerera ku famu ya bambo ake patapita zaka makumi awiri, ndipo bamboyo anali Vernon. Chakumapeto, ataima pa mpanda wa ng'ombe, bamboyo amaulula kwa mwana wake chimene anam'bisira. Anali mawu a tsamba lathunthu ndi theka, ndipo m'mphepete Hollis analembamo ndi cholembera chake kuti, "Apa kamera ibwere pafupi ndi nkhope ya bambo, ndipo isachoke."

Vernon anawerenga mzere umenewo katatu ataima m'khitchini. Moyo wake wonse ankauza anthu kuti iye ndi mmisiri chabe, za kutchuka alibe nazo ntchito, ndipo theka la zimenezo linali loona. Koma theka linalo linali bodza. Ankafuna, abale, ankafunitsitsa kuti kamodzi kokha asanafe kamera isendere pafupi, ikhale pa nkhope yopindika mphunoyo, anthu aone zimene angathe. Ankadziwanso kuti pa msinkhu wake envulopu yotere sibwera kawiri.

Arlene anam'landa mapepalawo, kuvala magalasi, kuwerenga mpaka kumapeto, kenako n'kumuloza ndi supuni.

"Tamvera kuno. Ayamba ndi mayiyo, si choncho?"

"Ndiye mwambo wake."

"Ndiye iwe ukaima pambali pa kamerapo, uzikangonena mawu. Theka basi. Zinazo ukasungire nthawi yako."

"Arlene, ine sindinayambe..."

"Ndikudziwa kuti sunayambe, n'chifukwa chake ndikukuuza! Zaka makumi anayi wakhala ukuphikira anzako, iwe n'kumanyambita m'poto. Ulendo uno udye. Lonjeza."

Vernon analonjeza.

Anakajambulira ku famu ina ku Nebraska mwezi wa Okotobala. Wosewera gawo la mwana wake anali Renata Coyle, mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi amene kale nkhope yake inali pa chikuto cha magazini iliyonse. Mafilimu ake anayi otsatizana anali atagwa chagada, ndipo olemba nkhani anali atayamba kunena kuti kukongola ndi kokhako kumene ali nako. Anthu akuseri ankamuopa, chifukwa sankacheza ndi munthu ndipo akamaliza gawo lake ankakadzitsekera m'kalavani. Kwa masabata atatu iye ndi Vernon sanapitirire pa moni.

Gawo la pampanda analisiyira tsiku lomaliza. Hollis ankafuna kuwala kofiirira kuja kwa dzuwa likamapendeka, ndipo kuwala kumeneko kumangokhala mphindi makumi anayi. A zanyengo anali atanena kuti mawa kugwa chipale, ndipo malole onyamula katundu anali atandanda kale kumsewu. Panalibe za mawa.

Kamera inaloza Renata. Vernon anaima pafupi nayo, kuti phewa lake lizionekera pang'ono m'mphepete mwa chithunzi, atavala jekete lofiirira la mlimi ndi nsapato zamatope.

"Yambani!" anatero Hollis.

Vernon ananena mawu ake bwinobwino, mosaphonya, koma mtima ataumanga. Theka basi, monga analonjezera. Renata anakwinya nkhope, kuphethira, kugwira pakamwa, koma zonsezo zinali zouma gwa. Ulendo wachiwiri mayi wodzola anthu anam'paka mankhwala oyabwa m'munsi mwa maso. Misozi inatsikadi, koma aliyense anaona kuti ndi madzi chabe. Hollis anavula kapusi n'kuyamba kukanda m'mutu.

Sal anasendeza pakamwa pake pafupi ndi khutu la Vernon. "Dzuwa latsala mphindi makumi atatu. Kutembenuza zonsezi kudya khumi ndi zisanu. Ndakuona mmene ukumuyang'aniramo mayiyu. Usachite zopusa, Vern."

Pamenepo Renata anakankha dzanja la wokonza tsitsi n'kubwera pamene panali Vernon. Milomo yake inali itauma ndi mphepo, ndipo anayankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Pepani, bambo Bodnar, ndikukudyerani dzuwa lanu. Ine zinandithera kalekale, kungoti anthuwa anali asanadziwe." Kenako anatembenuka n'kukweza mawu. "Hollis, zangazi zakwana. Tembenuzani kamera mujambule bambowa kukadali kowala."

Hollis anazengereza, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Anyamata a nyale anali atayamba kale kugwira zitsulo zawo. Mwayi wa Vernon unali umenewo, wathunthu, dzuwa lokwanira kujambula katatu, chitsime chili chodzaza, ndipo panalibe akanamunena kanthu. Koma iye ankayang'ana Renata, amene anaima atabisa manja m'khwapa. Mayiyu ankaganiza kuti vuto ndi iyeyo. Sankadziwa kuti maulendo awiri onsewo wakhala akuyankhula ndi munthu amene wadzitsekera dala. Vernon anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha, chifukwa anaona kuti lero tepi yopingasa ija ndi iyeyo.

"Tadikirani," anatero. "Kamodzi kena."

"Bambo Bodnar, nthawi..." anayamba Hollis.

"Ndinalakwitsa ndine. Kamodzi kena, chonde."

Sal anatukwana chapansipansi n'kubwezera diso pa kamera.

Vernon anayang'ana pansi pang'ono, n'kumva mawu a bambo ake pafoni paja, chabwino mwana wanga, gwira ntchito. Atadzutsa mutu sanalinso Vernon. "Mayi ako anakuitana," anayamba motero. "Masiku asanu ndi limodzi akukutchula dzina. Anandipatsa kalata kuti ndikaponye ku positi, ine n'kuiika m'thumba, chifukwa ndinali ndikadakukwiyira. Tsiku lililonse ankandifunsa kuti wayankha? Ine ndinkati, sanayankhe." Mawu ake anasweka pamenepo, misozi n'kutsika m'makwinya mpaka kudontha pa chibwano. Renata anangoti kakasi. Zonse zimene anakonzekera anaziiwala, n'kuyamba kumvetsera, ndipo nkhope yake inayamba kusintha pang'onopang'ono.

Ali mkati choncho, sitima ya katundu inalira kutsidya kwa munda wa chimanga, kulira kwautali kosafuna kutha. Wojambula mawu anavula zam'makutu zake n'kupukusa mutu. "Pepani, sitima yalowa ponseponse. Palibe chimene ndingatolepo."

Ha, sitima imeneyo! Njanji yake pankadutsa sitima imodzi pa tsiku, ndipo inasankha mphindi imeneyo.

Hollis anayang'ana dzuwa, kenako Vernon, osayerekeza kupempha. Sal anati, "Vern, basi. Wapereka kale. Zotsalazo ndi zako." Vernon ankadziwa bwino lomwe kuti m'chitsimemo mwatsala kotunga kamodzi. Anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete.

"Mayiyu wafika pakhomo penipeni," anatero. "Tim'siye panja? Yatsa chinthu chakocho, Sal."

Ulendo wachinayiwo ndi umene uli m'filimu. Vernon anakhuthula zonse mpaka pansi, ndipo Renata anachita zimene anali asanachitepo m'moyo wake wonse. Sanalire msanga. Anayamba ngati akufuna kuseka, kenako anakwiya mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, kenako nkhope yonse inagwa, n'kukhala ya kamtsikana kamene kauzidwa kuti mayi ake ankakafuna. Anthu makumi asanu anaima zii m'mundamo. Hollis anaiwala kunena kuti dulani, mpaka Sal anachita kum'gunda ndi chigongono.

Ndiye munaona anthu akuthamanga! Ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu anaigwira m'mphindi zisanu ndi zinayi. Akuluakulu a mimba zawo ankadumpha zingwe atasenza nyale, wina anang'ambika buluku pa waya wa mpanda osaima n'komwe, ndipo palibe anawauza kuti afulumire. Ankachitira Vernon. Pamene kamera inkamuloza, dzuwa linali litamira theka. Wina anabweretsera Renata chikhoti, koma iye anachikana, n'kukaima pambali pa kamera misozi ikadali m'masaya.

"Yambani!"

Kamera inasendera pafupi, pafupi kuposa mmene inam'fikirapo zaka makumi anayi. Vernon anafunafuna mawu a bambo ake aja, ndipo anawapeza, koma anali mawu chabe. Anayesanso ali pakati pa chiganizo, koma ayi ndithu, m'maso munali mouma. Ananena tsamba lonse ndi theka mosaphonya liwu, mwaluso, mwaulemu, monga mmisiri wodziwa ntchito yake. Zinali zabwino. Koma aliyense woima pamenepo anali ataona zinazo mphindi khumi zapitazo, ndipo palibe anayang'ana mnzake.

"Tingabwereze?" anafunsa Hollis.

Sal anakweza kachipangizo kake koyezera kuwala, kukayang'ana nthawi yaitali kuposa yofunika, n'kukabwezera m'thumba. "Kwatha," anatero.

Renata anabwera n'kugwira mkono wa jekete la Vernon ndi manja onse awiri. Vernon anam'sisita paphewa n'kumuuza kuti akavale chikhoti angadwale.

Atafika ku Van Nuys, Arlene anangomuyang'ana ali pakhomo, sutikesi ikadali m'manja.

"Wachitanso, eti?"

"Kunadutsa sitima, Arlene."

"Sitima! Zaka makumi anayi ndi zisanu ndili nawe, lero ukandinamize ndi sitima? Chifundo chinapha nkhwali, Vernon, ndipo nkhwali yake ndiwe." Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, ndipo masiku awiri Vernon anadya buledi wopserera osadandaula.

Gawo lalikulu silinabwerenso. Anagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi ziwiri, anakhala woweruza kawiri, anafa katatu, n'kupuma pamene mawondo anakana. Koma filimu ija inatuluka chaka chotsatira, ndipo manyuzipepala omwe aja ankamunyoza Renata anayamba kulemba kuti mayiyu wabadwanso. Hollis anaimba foni kuti afotokoze kanthu kena za mmene anailumikizira, koma Vernon anam'dula. "Musandiuze, ndikaona ndekha."

Anapita Lachiwiri masana ku holo ya kanema ya ku Burbank, iye ndi Arlene, pa matikiti otsika mtengo a okalamba. Munali anthu ngati makumi atatu, ambiri amayi achikulire, ndi bambo wina wonenepa wovala ovolosi amene anakhala kutsogolo kwawo akukukuta mbuliwuli. Vernon anakhala chowongoka, chipewa chili pabondo. Mtima unkamuuzabe kuti mwina anaikamo pang'ono, mwina masekondi khumi.

Mpanda wa ng'ombe unaoneka, kuwala kofiirira kuja kuli ponseponse. Mawu ake anamveka, mayi ako anakuitana, ndipo pa chinsalu chonsecho panadzaza nkhope ya Renata. Kumanzere, m'mphepete, kunkaoneka phewa la jekete lofiirira ndi khutu limodzi lotambalala. Vernon anadikira kuti chithunzi chisinthe. Chiganizo chinatha, china n'kuyamba, koma kamera sinachoke.

"Khutu," ananong'ona Arlene, mawu akunjenjemera ndi ukali. "Atipatsa khutu. Ndikam'peza mnyamata ameneyu ndikam'thyola miyendo."

Vernon anagwiritsa chipewa chake pabondo. Zinam'pweteka, tisabise, zinam'pweteka ngati wam'ponda pachifuwa. Koma ankayang'anabe, chifukwa tsiku lija anali wotanganidwa ndi mawu ake ndipo sanaone bwino zimene zinkachitika pamaso pake. Tsopano ankaziona. Liwu lililonse limene ankanena linkafika pa nkhope ya mayiyo n'kusiyapo kanthu. Bambo wa ovolosi uja anali atasiya kutafuna. Kumbuyo wina ankafufuza kansalu m'chikwama, wina ankamina mosabisa, ndipo atafika pa mawu akuti sanayankhe, mayi wina chapakati anati, "Mayo ine," mokweza ngati ali yekha.

Apo m'pamene chinam'gwira Vernon. Sanakumbukire foni, sanaitane kanthu, zinangobwera zokha. Misozi inatsika mbwembwembwe, mapewa akugwedezeka, chipewa n'kugwera pansi osachitola.

Arlene anatembenuka. Anamuyang'ana, n'kutulutsa mpango m'thumba la juzi lake.

"Lero ndiye ikubwera?" ananong'ona. "Wachedwa nayo chaka chathunthu, chitsiru iwe."

Mpangowo sanam'patse, anangougwira m'manja. Gawolo linali litatsala mphindi yathunthu, ndipo holo yonse inali maso pa Renata Coyle. Arlene sanayang'anenso kutsogolo. Anakhala chotembenuka pampando wake, pafupi kwambiri, akuyang'ana nkhope ya mwamuna wake m'kuwala kochokera pa chinsalu, ndipo sanachotsepo maso mpaka mawu ake atatha.